Aphunzitsi Amene Ankapepa Lachitatu

Kwathu ku komboni ya Kanyama timayankhula zinenero ziwiri, ndipo zonsezo zimandikalipira. Amama ndi a kum'mawa, amandikalipira m'Chinyanja. Atata ndi a kumpoto, Chibemba chawo chimatuluka ndikawafikitsa pakhosi. Mwana wokulira pakati pa milomo iwiri yotere amatola zinthu zimene anzake sazimva. Ine ndinatola liwu limodzi, ndipo liwulo linatsala pang'ono kuchotsetsa munthu ntchito.

Liwu lake ndi kupepa. Kwa Atata, ukalitchula mofulumira ndiye kupemphera. Ukalikoka pang'ono, kupeepa, ndiye kusuta. Koma ife a Chinyanja cha m'komboni kukokako sitikumva ayi. Tikati munthu apepa, ndiye kuti ali ndi fodya pakamwa. Tikatsitsa mawu ponena, ndiye kuti si fodya wamba, ndi chamba.

Ndili Fomu Thuu kunabwera aphunzitsi atsopano a masamu ochokera kumpoto. Anali aatali, owonda, a jekete imodzi ndi njinga yolira ngati ikudandaula. Chinyanja chawo chinali chotola panjira, theka lake Chibemba. Masamu ankawadziwa, zimenezo sindingawamane. Ndi iwo anandichititsa kumvetsa chifukwa chake zilembo zimalowa m'masamu, pomwe kale ndinkayesa ndi chipongwe chabe cha olemba mabuku.

Tsiku lina ndinapaka chitedze pampando wa pulifekiti wina amene ankandilemba dzina ngakhale ndikangotsokomola. Mtsikanayo anavina m'kalasi gule amene sanamuphunzirepo. Aphunzitsi sanavutike kufufuza, chifukwa ndine ndekha ndinali nditagwa pansi pa desiki ndi kuseka. Ndinayembekeza chikoti. Iwo anangondiyang'ana mwachifundo nati:

"Iwe mwana, ufunika kupepa. Kupepa sana. M'mawa upepe, usiku upepe. Lachitatu masana ubwere kuchipinda cha makasu, tipepe tonse na banzako."

Kalasi yonse inaphulika. Anyamata akumbuyo ankamenya madesiki. Aphunzitsi anatiyang'ana modabwa, osadziwa chimene chaseketsa, ndipo pomwepo ndinazindikira kuti m'chipinda chonsecho ndine ndekha ndamva ziganizo ziwiri pamene iwo anena chimodzi.

Anandipatsanso chilango chotchetcha udzu masiku atatu. Lachitatu ndikutchetcha pafupi ndi chipinda chosungiramo makasu a kumunda wa sukulu, ndinaona ana khumi akulowa ndi aphunzitsiwo, chitseko n'kutsekedwa. Patapita theka la ola anatuluka, ena maso ali psuu. Mapemphero a aphunzitsiwo anali oliza anthu. Ndinatsamira chikwakwa changa, ndipo kalata inayamba kudzilemba yokha m'mutu.

Ndinailemba ndi dzanja lamanzere papepala la m'kope. Inati: "Wokondedwa a Tcheyamani, aphunzitsi atsopano a masamu amapepa ndi ana a sukulu m'chipinda cha makasu Lachitatu lililonse. Amatseka chitseko. Ana amatuluka maso ali ofiira. Anandiitana inenso koma sindinapite. Ndine mwana wa dziko lino wodandaula." Werengani bwino, muone ngati muli bodza.

Ndinailowetsa pansi pa chitseko cha ofesi ya chipani, kumsika. Masiku ano chipani n'chimodzi, ndipo tcheyamani wa dera ndi munthu woti akatsokomola, wogulitsa makala amawonjezera muyeso. Wathu ndi telala, wa kum'mawa ngati Amama, wokonda suti ya manja aafupi ndi misonkhano. Ndinkayesa kuti adzabwera kusukulu, adzatsegula chitseko mwaukali, adzapeza anthu atagwada, ine ndili pakona ndikufa nako kuseka. Basi. Sindinaganize zopitirira pamenepo.

Sanapite kuchipinda cha makasu. Anapita kwa a hedimasitala, amene ife timawatchula ba Hedi, ndipo mlandu unazengedwa Lachisanu mu ofesi yawo. Oweruza anali atatu: ba Hedi, ba Tcheyamani, ndi bambo wina wochokera ku ofesi ya maphunziro amene akuti ankangoyang'ana wotchi. Anatseka chitseko, natsitsa makatani, nathamangitsa aliyense pakhonde. Ba Hedi anati nkhani ya mphunzitsi ndi yachinsinsi.

Chinsinsicho chinafika pampopi wa ku Kanyama dzuwa lisanalowe. Ndinali pamzera ndi Amama, zidebe m'manja, pamene akazi a ba Tcheyamani ankachigawa kwaulere.

"Imwe banzanga, munthu uja alibe na nsoni! Bamuna banga bamufunsa ati, ni zoona mupepa na bana ba sukulu? Eve ati, ee mukwai. Kangati? Ati Lachitatu lililonse, koma nikanakonda masiku onse."

"Mayo ine!" anatero mayi wina.

"Simunamve kanthu. Bamuuza ati muleke. Ati sinizaleka, ninayamba nikali mwana, bamayo ndiye bananiphunzitsa."

Chidebe changa chinagwa. Amama anayesa ndadzidzimuka ndi kuipa kwa dziko, nandisisita kumsana, osadziwa kuti ndikulimbana ndi kuseka kumene kukanandipha.

Zimene zinachitika mu ofesimo ndinazimvetsa pambuyo pake. Liwu loti chamba palibe analitchula. Ba Hedi anaona kuti n'losayenera kulinena pamaso pa mphunzitsi mnzawo, choncho onse ankangoti khalidwe lija, vinthu vija. Aphunzitsi a masamu nawo ankayesa kuti mlandu wawo ndi wosonkhanitsa ana popanda chilolezo cha chipani. Anthu anayi anakhala ola lathunthu akulemekezana, aliyense akuzenga mlandu wake.

Lolemba aphunzitsi sanabwere. Masamu anatenga aphunzitsi a masewera, amene ankalemba nambala ya peji pabolodi n'kutuluka kukaothera dzuwa. Zinamveka kuti kalata yowachotsa ntchito yalembedwa, ikungodikira kupita ku likulu, ndipo nyumba ya sukulu auzidwa kuti aikonzekere kutulukamo. Akazi awo ankagulitsa vitumbuwa pageti. Lachiwiri ndinawaona atakhala ndi beseni lodzaza mpaka belu lomaliza, ana akuwalambalala, chifukwa wina anali atafalitsa kuti m'vitumbuwamo amathiramo zija.

Musayembekeze kuti ndinena kuti ndinalapa. Chimene chinandivuta n'chakuti nthabwala yanga, yabwino kuposa zonse zimene ndinachitapo, palibe anaimva. Inatsekeredwa mu ofesi n'kusanduka chinthu china. Komanso beseni lija silinkachoka m'maso mwanga, ndipo zilembo za m'masamu zinali zitayambanso kundichita chipongwe.

Lachitatu ndinagogoda kwa ba Hedi.

"Ba Hedi, kalata ija ninalemba ndine."

Anadzuka, natseka chitseko. Ndinawafotokozera zonse, kupepa ndi kupeepa. Anabwerera pampando wawo. Ndinaona mlomo wawo ukunjenjemera kumbali, ndipo ndikulumbira kuti anatsala pang'ono kuseka. Kenako nkhope inauma.

"Wauzako ndani wina?"

"Palibe."

"Usauze munthu. Mlandu unatha, ba Tcheyamani anasaina. Ukufuna ndikawauze kuti anapusitsidwa ndi kamtsikana ka Fomu Thuu? Ukudziwa zimene zingandichitikire ine? Nanga atate ako kuntchito?"

"Manje ba Ticha?"

"Ndiyesa mwakachetechete kuti asawachotse, angowasamutsira kutali kumene nkhaniyi sinafike. Kumeneko ndiye kuwateteza. Pita kukalasi."

Ba Hedi si munthu woipa. Ndi munthu wa ana asanu ndi awiri amene amadziwa kulemera kwa siginecha ya tcheyamani. Koma ndinatuluka mu ofesimo nditaona kuti choonadi changa achitenga n'kuchiika m'dirowa.

Ndinauza Amama akusenda nyemba pakhomo. Anandigwira khutu lamanja n'kulipotokola mpaka ndinaona nyenyezi masana. Atatero anakhala pansi, naphimba nkhope ndi chitenge, mapewa akugwedezeka. Ataseka mokwanira anadzuka n'kundipotokola lamanzere.

Atata atabwera kuntchito n'kumva, anagwira mutu, naitana Mulungu m'Chibemba chawo. "Lesa wandi! Munthu wa kwathu! Tiyeni manje manje tikabauze ba Tcheyamani."

"Khalani pansi, atate ake," anatero Amama. Iwo amagulitsa kapenta kumsika ndipo amavala chitenge cha chipani pamisonkhano, choncho ba Tcheyamani amawadziwa kuyambira ali wosoka zigamba. "Aja sauzidwa. Mukawauza kuti analakwa, aumirira mpaka kufa. Afunika achipeze okha, pali anthu, kuti chikhale chawo."

"Nanga ba Ticha, tisabauze?"

"Ayi. Akadziwa, ayankha mochenjera, ndiye zioneka ngati tapangana. Asiyeni ayankhe mmene anayankhira."

Mawa lake Amama anasiya kapenta m'manja mwa mnzawo nayenda khomo ndi khomo kwa makolo a ana khumi aja, ena ku Kanyama, ena ku komboni ya George, wina mpaka ku Matero. Za kalata sanatchule. Ankangofunsa kuti, mwana wanu watchedwa wachamba m'chipinda chotseka, inu munalipo? Pofika Lachisanu azimayi ndi azibambo anali pageti la sukulu, akuti akufuna amve ndi makutu awo.

Ba Hedi anatuluka kudzakana. "Makolo anzanga, mphunzitsi saweruzidwa pamaso pa ana amene amawaphunzitsa. Ngakhale apezeke wosalakwa, mawa adzaima bwanji kutsogolo kwawo? Ulemu wa mphunzitsi ukang'ambika pagulu susokeka."

Ndinali pawindo la kalasi, ndipo ndivomere kuti mawuwo anali ndi nzeru. Koma bambo wina wa ku George anayankha kuti, "Ba Hedi, ulemu wake unang'ambika kale pampopi. Ife chabe ndiye sitinaitanidwe." Ba Tcheyamani, atamva kuti kudzakhala khamu ndi tebulo lakutsogolo, anati chipani sichibisira anthu kanthu. Anatuma munthu kukafunsa mwini mlandu. Yankho linabwera lalifupi: chimene amachita sachita nacho manyazi, aitane onse.

Loweruka masana holo inadzaza. Inali nthawi ya mvula, ndipo a ku Kanyama tinafika nsapato zili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Ana amene anasowa malo anakwera m'mawindo. Kutsogolo kunakhala atatu aja. Aphunzitsi a masamu anaima pambali atavala jekete yawo ija, buku lakuda m'khwapa. Akazi awo anakhala pabenchi loyamba, maso pansi.

Ba Tcheyamani anayamba ndi mfuu ya chipani, ife n'kuyankha. Anayankhula za adani a chitukuko kwa nthawi yoti munthu akanaphika nyemba. Kenako anatembenuka.

"Ba Ticha, pamaso pa makolo aba, ni zoona kuti mupepa na bana?"

"Ee mukwai, ni zoona."

Apa mpamene ndinaona chinthu chimene mu ofesi sichikanaoneka. Theka la holo linafuula kuti "Haa!" Theka lina, la amayi ndi abambo a kumpoto ndi a kumigodi oyankhula Chibemba, linangogwedeza mitu movomereza, likudikira kuti mlandu weniweniwo utchulidwe. Mayi wina wachikulire wa duku loyera anayang'ana uku ndi uku ngati akufunsa kuti anthuwa akuwa chiyani.

"Mwamva mweka!" anatero ba Tcheyamani. "Manje tiuzeni, vopepa ivo muvitenga kuti?"

Aphunzitsi anatulutsa buku lija m'khwapa nalikweza. Linali Baibulo. "Vonse vichoka umu, mukwai."

Ba Tcheyamani anadzuka mpando n'kugwa kumbuyo. "Mung'amba mapepala a Baibulo? Muyangira m'Baibulo?"

"Kung'amba? Awe mukwai, tiwerenga chabe. Tikawerenga tigwada."

"Mugwada popepa?"

"Nanga imwe mupepa choimirira?"

Mayi wa duku loyera uja ndiye anayamba. Kuseka kwake kunatuluka ngati kulira, anagwira pamimba, nayesa kuyankhula katatu osatha. Pomaliza anaima atatsamira mnzake.

"Ba Tcheyamani, mwe bantu! Uyu akamba ukupepa, kupemphera kwa Lesa! Imwe mukamba ukupeepa, kwa fwaka, fodya! Mwamuzenga mlandu wa chamba munthu wa mapemphero!"

Holo inagwa. Sindinaonepo anthu akuluakulu akuseka chonchija, azibambo akumenyana pamapewa, azimayi akupukuta misozi ndi nsonga za zitenge, mnyamata wina mpaka anagwa pawindo. Atata ankabwereza mawu awiriwo kwa aliyense wowazungulira, kufupikitsa ndi kukoka, ngati mphunzitsi. Ine ndinakhala phee, manja pamiyendo, ndikumva kukoma kumene sindingathe kukufotokoza. Nthabwala yanga inali itafika kwa eni ake.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Aphunzitsi a masamu anaima pomwepo, Baibulo lili m'manja, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumvetsa pang'onopang'ono. Liwu loti chamba anali atangolimva kumene koyamba. Anayang'ana ba Hedi, nayang'ana akazi awo, kenako anati motsitsa, "Nshiku shonse ishi, masiku onse aya, ndiye vamene munali kuganiza? Na bamayo banga ninabatchula." Anakhala pansi pamphepete pa nsanja. Pamenepo chisoni chinandigwira. Sichinakhalitse, koma chinabwera.

Ba Tcheyamani ndi katswiri. Anadikira phokoso lichepe, nakonza suti, nati, "Makolo, mwaona ubwino wobweretsa vinthu poyera? Ine ninali kukayikira kuyambira pachiyambi. Lero chipani chafufuza, chapeza kuti uyu ni munthu wa Mulungu." Anthu anaombera m'manja. Amama anandiyang'ana ndi diso limodzi.

"Koma wamene analemba kalata yabodza iyi ni ndani?"

Ba Hedi anayang'ana kudenga. Akanandibisa, ndikudziwa. Koma ntchito yabwino chonchija ndiisiye yopanda mwini? Ndinaima.

"Ndine, ba Tcheyamani. Koma si yabodza."

"Iwe kamwana! Si yabodza bwanji?"

"Muwerenge futi. Bapepa na bana, bavomera beka. Lachitatu, ni zoona. Chitseko batseka."

"Chifukwa cha chongo cha bampira," anatero mmodzi wa ana khumi aja, kunena phokoso la osewera mpira.

"Maso ofiira?"

"Timalira popemphera," anayankha wina mwamanyazi.

"Mwaona? Bodza lili pati?"

Ena anaseka, ena anati mwana uyu afunika chikoti cha mvuu. Bambo wa ku ofesi ya maphunziro, amene anali asanatsegule pakamwa, anafunsa ba Hedi ngati Chinyanja ndimakhoza bwino m'kalasi. Ba Hedi anandiuza kuti ndigwade ndipepese. Ndinapita kutsogolo, ndinagwada pamaso pa aphunzitsi, ndinati, "Pepani, ba Ticha."

"Uyo wayamba futi!" anakuwa mayi wa duku loyera. "Abauza ati bapepe!"

Ulendo uno ngakhale akazi a aphunzitsi anaseka, chitenge chili pakamwa.

Aphunzitsi anadzuka. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana kutebulo. Anapempha zinthu ziwiri: kalata yowachotsa ntchito ing'ambidwe pomwepo anthu akuona, ndipo Lolemba pamzera wa m'mawa ba Hedi anene momveka, liwu lililonse ndi dzina lake, chimene anaimbidwa ndi chimene chapezeka. Ba Tcheyamani analanda kalatayo m'manja mwa ba Hedi naing'amba okha, kanayi, ataikweza m'mwamba kuti a m'mawindo aone.

Ine anandigamula kukumba ngalande kuseri kwa makalasi milungu iwiri. Kunyumba makutu anga analandiranso zawo. Ba Hedi sanalakwe pa zonse: mpaka lero alipo ana amene aphunzitsiwo akatembenukira kubolodi amaika zala ziwiri pamlomo kenako n'kupinda manja ngati opemphera. Kuseka kwa m'holo kuja sikunawachokeretu. Koma kuyambira pamenepo mphunzitsi akakhala ndi mlandu, ba Hedi amayamba amuwerengera chimene akuimbidwa m'mawu osazungulira, kenako amamufunsa yekha kuti, mu ofesi kapena m'holo? Chaka chatha wina anasankha ofesi, ndipo nkhani yake inali yoyeneradi ofesi.

Lolemba lija, belu lisanalire, aphunzitsi anandipeza m'ngalande, khasu lili m'manja. Anatsamiritsa njinga pakhoma.

"Iwe, uli na chisoni pa vamene unachita?"

"Kuti munavutika, ee, ba Ticha. Na vitumbuwa vija. Koma kalata yeve inalembeka bwino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mutu uli nao," anatero. "Ni ntchito chabe ulibe. Kasambe m'manja, masamu ni piriyodi yoyamba."

Analowa m'kalasi ife tonse titaima, ena akuluma milomo. Sananene kanthu za Loweruka. Anafufuta nambala ya peji imene aphunzitsi a masewera anasiya pabolodi, natenga choko, nati, "Khalani pansi. Tinalekera pa funso lachinayi."